Mliri ukagwa, chimam'chitikira n'chiyani munthu amene akulandira chithandizo chosiya heroin?

Pa zenera la chipatala chopereka methadone, mankhwala othandiza anthu kusiya heroin, tsiku limayamba mofanana m'mayiko ambiri. Anthu amafola m'mamawa, ena akuthamangira ku ntchito, ena atagwira ana padzanja. Aliyense akafika pa zenera amatchula dzina kapena nambala yake, namwino amathira mankhwala amadzimadzi m'kakapu, munthu uja amamwa pomwepo namwino akuyang'anitsitsa, kenako amalankhulako mawu awiri atatu kusonyeza kuti wamezadi. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ena amatero miyezi, ena zaka. Pa 11 Marichi 2020, bungwe la World Health Organization litalengeza kuti COVID-19 wasanduka mliri wa dziko lonse, mzere umenewu unakhala mutu waukulu. Anthu mazanamazana ankakumana malo amodzi tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo mapapo ali ofooka kale, pa nthawi imene aliyense ankauzidwa kuti abindikire pakhomo.

Kuti zimveke chifukwa chake mzerewo sukanangothetsedwa basi, tiyambe ndi mankhwalawo. Heroin ali m'gulu la mankhwala otchedwa ma opioid, omwe ntchito yake yeniyeni ndi kupha ululu. Ena, monga morphine ndi codeine, amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy. Heroin amapangidwa kuchokera ku morphine. Ena, monga tramadol ndi fentanyl, amapangidwa m'mafakitale. M'chipatala ndi mankhwala ofunika zedi, ndipo wodwala khansa kapena wochitidwa opaleshoni amawathokoza. Vuto limabwera munthu akawagwiritsa ntchito nthawi yaitali, kaya anawayamba chifukwa cha msana wopweteka kaya chifukwa cha mtima wosweka. Ubongo umawazolowera. Mlingo umene unkakwana dzulo sukwananso lero, ndipo pakapita nthawi munthu samawafunanso kuti amve kukoma ayi, amawafuna kuti angodzuka ngati munthu wabwinobwino.

Akasowa, thupi limadwala kwenikweni. Pasanathe tsiku chigwiritsireni ntchito heroin womaliza, munthu amayamba kuyasamula kosalekeza, misozi ndi mamina zili chuchuchu, thukuta lozizira, kuphwanya kwa mafupa, nseru, kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Miyendo siikhazikika, tulo sitibwera. Pamwamba pa zonsezi pali chibaba, ndipo chibaba cha ma opioid sichifanana ndi cha fodya. Chimaphimba maganizo ena onse, chifukwa munthu amadziwa kuti mlingo umodzi wokha ungathetse ululu wonsewo m'mphindi zochepa. Amene amati "angosiya, akufuna dala" sanaonepo munthu ali m'masiku amenewa.

Apa ndi pamene pamalowera methadone ndi buprenorphine. Onsewa ndi ma opioid ndithu, koma amagwira ntchito pang'onopang'ono ndipo amakhalitsa m'thupi. Mlingo woyenera umodzi umagwira tsiku lonse: munthu sadwala, chibaba chimatsika, ndipo saledzera. Amatha kugwira ntchito, kulera ana, kugona usiku. Madokotala awiri, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, ndiwo anasonyeza zimenezi pa methadone ku New York m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2005 World Health Organization inaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Alipo amene amanyoza kuti uku n'kungosinthanitsa mankhwala ozunguza bongo ndi anzake. Ine sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa changa ndi chimodzi: kafukufuku wochuluka wa m'mayiko osiyanasiyana wapeza kuti munthu akakhala pa chithandizochi, mpata woti amwalire umatsika ndi theka kapena kuposapo. Ndi mankhwala ochepa kwambiri a matenda ena alionse amene angadzitame chotero.

Koma chitetezo chimenechi chimatha msanga chithandizo chikadukizidwa, ndipo mfundo iyi ndiyo msana wa nkhani yonseyi. Munthu akakhala masiku angapo osalandira opioid aliyense, thupi limayamba kuiwala mlingo umene linazolowera. Chibaba chikam'gonjetsa n'kubwerera ku mlingo wake wakale wa heroin, thupi silithanso kuupirira. Ma opioid amapha pofooketsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma, ndipo munthu amangogona n'kusiya kupuma. N'chifukwa chake masabata oyambirira munthu atasiya chithandizo ndiwo oopsa kuposa ena onse. Kwa wodwala matenda ena ambiri, chipatala chikatseka sabata imodzi ndi chosokoneza chabe. Kwa womwa methadone, sabata imodziyo ikhoza kum'tengera kumanda.

Nanga bwanji sankangowapatsa mankhwala a mwezi wonse kuti azikamwera kunyumba, ngati a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi? Yankho lake ndi mantha, ena omveka, ena ochokera ku kusala. Methadone akhoza kupha mwana amene wapeza botolo n'kumwa, kapena munthu wamkulu amene thupi lake silinam'zolowere. Akhozanso kugulitsidwa. Malamulo anamangidwa pa mantha amenewa, ndipo anamangidwa mothina. Ku America, mliri usanafike, wodwala watsopano ankaloledwa kutenga mlingo umodzi wokha wokamwera kunyumba pa sabata m'masiku 90 oyambirira, kupatula masiku amene chipatala n'chotseka. Kuti apatsidwe a masabata awiri ankayenera kutha chaka, ndipo a mwezi wathunthu zaka ziwiri, mkodzo wake ukupimidwa pafupipafupi. Wokhala kutali ankathera maola panjira tsiku lililonse, ndipo ambiri ankataya ntchito kapena kusiya chithandizo pa chifukwa chimenechi. Izi zinkadziwika kale, koma panalibe amene ankafulumira kuzisintha.

Mliri utafika, unawapeza anthuwa ali pachiopsezo cha mbali ziwiri. Kachilombo ka corona kamagwira mapapo, ndipo ma opioid amafooketsa kupuma. Ambiri mwa iwo amasutanso fodya, ena ali ndi matenda a chiwindi, HIV kapena chifuwa chachikulu. Kafukufuku wa mu 2020 amene anaunika zolembedwa za odwala mamiliyoni ambiri ku America anapeza kuti anthu a vuto la ma opioid ankatenga COVID-19 mosavuta kuposa ena, ndipo anthu a vuto la mankhwala ozunguza bongo ankagonekedwa m'chipatala ndi kumwalira nawo mochuluka. Panalinso chisokonezo china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Zizindikiro za kusowa mankhwala m'thupi, monga mamina, thukuta, kuphwanya kwa thupi ndi kutsegula m'mimba, zimafanana kwambiri ndi za chimfine kapena COVID-19. Taganizirani munthu amene waphonya mlingo wa dzulo, wafika pa geti la chipatala ali thukuta kamukamu, mlonda wanyamula chopimira kutentha kwa thupi. Chimene chingam'chiritse chili kuseri kwa chitseko, koma maonekedwe ake ndi a munthu amene sayenera kulowa.

Chopweteka kwambiri chinali kutsutsana kwa malangizo awiri, onse oona. Kwa zaka zambiri, ogwira ntchito yoteteza miyoyo ya anthu ogwiritsa ntchito mankhwala akhala akubwereza mawu amodzi: usagwiritse ntchito uli wekha. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wapyola mlingo sadzithandiza yekha. Amayamba kulizira mkonono wachilendo, ngati wotsamwa. Milomo ndi zikhadabo zimada kapena kutuwa, timwana ta m'maso timachepa ngati nsonga ya singano, ndipo ngakhale um'gwedeze bwanji sadzuka. Pa mphindi zimenezo pamafunika munthu wina woti am'patse naloxone, mankhwala obaya kapena opopera m'mphuno amene amachotsa mphamvu ya opioid mu ubongo n'kubwezeretsa kupuma, nthawi zambiri m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Naloxone ndi wosavuta kugwiritsa ntchito, mwana wa sukulu akhoza kuphunzira. Koma palibe amene angadzipopere yekha atakomoka. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ndi woona mpaka pa mpweya weniweniwo. Ndiye kunabwera mliri ndi langizo lake: talikiranani, musayenderane, aliyense m'nyumba mwake. Amene anamvera langizo lachiwiri anaphwanya loyamba. Ambiri anapezeka atamwalira m'zipinda zotseka, ena naloxone ali pa tebulo pafupi.

Msika wa mankhwala a mumsewu nawo unasokonekera. Malire atatsekedwa ndi maulendo atachepa, anthu ankagula kwa ogulitsa achilendo, osadziwa mphamvu ya chimene agula. Ku North America izi zinakumana ndi fentanyl, amene anali atayamba kale kulowa m'malo mwa heroin. Fentanyl ndi wamphamvu pafupifupi ka 50 kuposa heroin, moti kusiyana kwa mlingo woledzeretsa ndi wakupha n'kochepa ngati timchenga tingapo. Ziwerengero zake n'zomvetsa chisoni. Ku America, anthu omwalira chifukwa chopyola mlingo wa mankhwala anali pafupifupi 71,000 mu 2019. Mu 2020 anafika pafupifupi 92,000, ndipo mu 2021 anapitirira 106,000, mwa iwo oposa 80,000 chifukwa cha ma opioid. Imfazi zinakwera msanga kwambiri pakati pa anthu akuda ndi eni nthaka a dzikolo, omwenso chithandizo chimawafika movutikira. M'chigawo cha British Columbia ku Canada, chomwe chinali chitalengeza kale mu 2016 kuti imfa za mankhwala ndi ngozi ya zaumoyo, omwalira anali osakwana 1,000 mu 2019 koma anapitirira 1,700 mu 2020. Ku Scotland anthu 1,339 anamwalira ndi mankhwala mu 2020, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo. Sitinganene kuti mliri wokha ndiwo unachita zonsezi, chifukwa fentanyl ku America ndi mavuto a ku Scotland zinayamba kale. Mliri unakolezera moto umene unali ukuyaka. Ndipo tikumbukire kuti ambiri mwa omwalirawa sanali pa chithandizo n'komwe: ku America mu 2021, mwa akuluakulu asanu alionse a vuto la ma opioid, mmodzi yekha ndiye ankalandira mankhwala othandiza.

Pa nthawi yomweyo kunachitika chinthu chimene madokotala ena anachipempha kwa zaka makumi osamvedwa. Pa 16 Marichi 2020, nthambi ya boma la America yotchedwa SAMHSA inalola kuti odwala okhazikika azipatsidwa methadone wa masiku 28 wokamwera kunyumba, ndipo osakhazikika kwenikweni wa masiku 14. M'mwezi womwewo dokotala analoledwa kuyambitsa munthu buprenorphine atangolankhula naye pa vidiyo, kenako ngakhale pa foni wamba, osaonana maso ndi maso. Ku England anthu ambiri amene ankamwera mankhwala pamaso pa wogwira ntchito m'sitolo yovomerezeka ya mankhwala tsiku lililonse anayamba kupatsidwa a masabata awiri. Ku India nakonso analola buprenorphine wokamwera kunyumba m'nthawi ya m'bindikiro. Ku Wales ndi m'ndende za ku Scotland anafulumizitsa jakisoni wa buprenorphine amene amabayidwa kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, kuti anthu asamakumane pafupipafupi. Malamulo amene ankaoneka ngati thanthwe anasuntha m'masiku ochepa chabe.

Ambiri ankayembekeza tsoka. Ankati mabotolo adzasefukira m'misewu, anthu adzamwa mankhwala a sabata yonse usiku umodzi. Sizinatero. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022, wochitidwa ndi akatswiri a boma la America, anapeza kuti pa imfa zonse za mankhwala, gawo lokhudzana ndi methadone linatsika kuchoka pa 4.5 peresenti mu Januwale 2019 kufika pa 3.2 peresenti mu Ogasiti 2021. Kafukufuku winanso anasonyeza kuti amene ankathandizidwa kudzera pa foni ndi vidiyo ankakhalitsa pa chithandizo. Sikuti ngozi zinalibe, ndipo ku England imfa zokhudza methadone zinakwera mu 2020, zomwe zikutikumbutsa kuti kumasula malamulo kumafunika maso. Koma chithunzi chachikulu chinali choonekeratu: anthu ambiri atakhulupiriridwa, anasunga chikhulupirirocho.

Ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene pali phunziro lalikulu lokhudza umoyo wa munthu wonse, osati kungopulumuka imfa kokha. Tiyerekeze mayi amene kwa zaka zitatu wakhala akudzuka mbandakucha kukafola pa zenera lija, kubisira abwana ake chifukwa chimene amachedwera. Tsiku lina akum'patsa kabokosi kokhoma, m'kati muli timabotolo 14, kalikonse kolembedwa tsiku lake. Akukaika pamwamba pa kabati pomwe ana sangafike, kiyi ali m'khosi. M'mawa akumwa mankhwala ake ali m'nyumba mwake, n'kukonzekeretsa ana, ngati wodwala wina aliyense. Odwala ambiri amene anafunsidwa m'kafukufuku wa nthawi imeneyo ananena zofanana: anapeza nthawi, anasunga ndalama za ulendo, anasiya kukumana ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo amene amazungulira pafupi ndi zipatala zina, ndipo koposa zonse anamva kuti akuonedwa ngati anthu. Manyazi ndi katundu wolemera kwa munthu wa vuto limeneli. Kum'tula ngakhale pang'ono kumachiritsa.

Komabe ndikanama ndikanati onse anapindula. Kwa anthu ena, mzere wa m'mawa uja, ngakhale unali wotopetsa, ndiwo unkagwira tsiku lawo kuti lisamwazike. Unali chifukwa chodzukira, chosambira, chotulukira panja. Namwino wa pa zenera mwina ndiye munthu yekhayo amene ankawatchula dzina tsiku limenelo, ndipo ndiye ankatha kuona kuti lero nkhope yagwa, kapena kuti wafika akununkha mowa. Zonsezi zitachoka, kunatsala masiku ataliatali opanda chochita, ndipo kusowa chochita ndi bwenzi la chibaba. Misonkhano ya magulu othandizana monga Narcotics Anonymous, imene imachitikira m'zipinda za matchalitchi ndi m'maholo, inatsekedwa n'kusamukira pa Zoom, pulogalamu yochitira misonkhano pa vidiyo. Ena anaikonda, chifukwa ankatha kulowa msonkhano usiku pakati, ngakhale wa dziko lina. Koma msonkhano wotere mphamvu yake ina ili pakhomo potuluka, pamene wina amakugwira paphewa n'kukufunsa ngati ulidi bwino. Pa foni munthu amatha kuzimitsa kamera n'kulira osaonedwa. Uphungu wa maso ndi maso unachepa, malo ogonera ochiritsirako anthu anachepetsa olandiridwa kapena kutseka, ndipo ntchito zamaganyu zimene ambiri amadalira zinali zoyamba kutha.

Tiwonjezere kuti anthu ambiri a vuto la ma opioid amakhala kale ndi matenda a nkhawa, kukhumudwa, kapena mabala a mumtima a nkhanza zimene anakumana nazo ali ana. World Health Organization inati m'chaka choyamba cha mliri, nkhawa ndi kukhumudwa zinakwera ndi 25 peresenti pa dziko lonse. Ngati zinatero kwa anthu wamba, kuli bwanji kwa munthu amene ubongo wake unaphunzira kuti mankhwala a mantha ndi heroin? Ena anatembenukira ku mowa kapena mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam kuti apeze tulo, ndipo zimenezi zikasakanikirana ndi methadone zimafooketsa kupuma kowirikiza. Mayi wotsekeredwa m'nyumba ndi mwamuna wankhanza sakanatha kuuza phungu zoona pa foni mwamunayo ali chipinda chomwecho, ndipo kabokosi ka mabotolo kaja kakanatha kulandidwa.

Chithandizo cha pa foni nacho chimafuna foni, magetsi oitchajira, ndi malo oti munthu alankhule momasuka. Wogona mumsewu alibe zonsezi, alibenso kabati yosungiramo mankhwala. Choncho kumasuka kwa malamulo kunafika msanga kwa amene anali kale ndi denga ndi ntchito, ndipo ovutikitsitsa anatsalira. Zipatala zinanso sizinagwiritse ntchito mokwanira ufulu umene zinapatsidwa, moti odwala awiri ofanana ankatha kulandira zosiyana kungotengera khomo limene alowa. Akaidi nawo ali ndi nkhani yawo. Mayiko ambiri anatulutsa akaidi msanga kuti achepetse kuthithikana m'ndende, chomwe chinali chanzeru pa nkhani ya kachilombo. Koma kafukufuku wotchuka wa mu 2007 wa m'chigawo cha Washington ku America anapeza kuti m'masabata awiri oyambirira munthu atatuluka m'ndende, mpata woti afe ndi kupyola mlingo unali woposa ka 100 poyerekeza ndi anthu ena. Kutulutsa munthu wotere popanda mankhwala, popanda naloxone m'thumba, maofesi othandiza ali otseka, kunali kum'pulumutsa ku ng'ona n'kum'siya pakamwa pa mkango.

Zina mwa zosintha za nthawi ya mliri zinakhazikika. Kumapeto kwa 2022 America inachotsa chilolezo chapadera chimene dokotala ankafunika kukhala nacho kuti alembere munthu buprenorphine. Mu Marichi 2023 naloxone wopopera m'mphuno analoledwa kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo mu 2024 lamulo la methadone wokamwera kunyumba linakhala lachikhalire: tsopano wodwala akhoza kupatsidwa wa masiku 7 m'masabata awiri oyambirira, ndi wa masiku 28 akatha mwezi, ngati om'thandiza aona kuti n'koyenera. M'malo ena zinthu zinabwerera mwakale mliri utangozizira, ndipo anthu amene anasunga mabotolo awo mokhulupirika kwa chaka chathunthu anauzidwa kuti ayambirenso kufola m'mawa uliwonse. Funso limene zipatala zambiri zikulimbana nalo lero ndi la munthu mmodzimmodzi: uyu akufunika kumasulidwa kuti akhale moyo wake, kapena akufunika wina womuona tsiku lililonse? Nthawi zina ndi munthu yemweyo, mwezi uno akufuna ichi, mwezi wamawa icho, ndipo amadziwika ndi namwino yekhayo amene ali ndi nthawi yom'funsa.